Sheleni ya Elizabeth I yomwe inali ndi chigamba patsaya

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yogulitsa zinthu zakale pa okushoni kumpoto kwa England. Gawo langa ndi ndalama zachitsulo: kuzizindikira, kuziika giredi, ndi kulemba mawu amene amalowa m'kabuku ka malonda. Lipoti ili ndi la ndalama imodzi yokha. Ndalilemba chifukwa ndalamayo inatsala pang'ono kupita kumsika ndi giredi yabodza, siginecha yanga ili pansi pake, ndipo amene anandipulumutsa anali wojambula zithunzi, munthu wosadziwa n'komwe kusiyana kwa sheleni ndi groat (ndalama yakale yasiliva ya mapeni anayi).

Mmene inatifikira

Mayi wina wachikulire anabwera ndi kabati kakang'ono ka matabwa, ka matileyi osolola, momwe munali ndalama pafupifupi 40. Zinali za malemu amuna awo, amene anayamba kuzisonkhanitsa akadali mnyamata ndipo anatsikira kulichete osanena chochita nazo. Ana sankazifuna. Mayiwo ankafuna zigulitsidwe kuti akonzetsere denga. Pansi pa ndalama iliyonse panali katikiti kapepala kozungulira, monga amachitira osonkhanitsa ndalama a ku Britain, ndipo malemuwo analembapo dzina la mfumu, mtundu wa ndalama, giredi, ndi kumene anaigula. Zonse zinali zogula. Panalibe yokumbidwa m'munda, choncho lamulo la Treasure Act la 1996 silinatikhudze.

Imene mayiwo anayamba kuloza inali sheleni yasiliva ya Mfumukazi Elizabeth I. "Iyi ndiyo ankainyadira bambo," anatero. "Kukabwera alendo ankaitulutsa kuti aone nkhope ya mfumukazi." Pa katikiti panalembedwa giredi yakuti Good VF (VF ndi chidule cha Very Fine), yogulidwa pa chionetsero cha ndalama zakale m'zaka za m'ma 1980.

Kuizindikira sikunavute. Sheleni za Elizabeth zodindidwa pamanja zilibe chaka. Chaka ndi duwa la rozi kumbuyo kwa mutu mumazipeza pa sixpence ndi tindalama tina tating'ono. Chimene chimakuuzani nthawi ndi kachizindikiro ka poyambira zilembo, ndipo apa panali martlet, kambalame kopanda miyendo kaja. Ndiye kuti inadindidwa ku Tower of London mu 1560 kapena 1561. Zaka zimenezo n'zofunika. Henry VIII ndi mwana wake Edward VI anali atasukulutsa ndalama za dzikolo ndi kopa pakati pa 1544 ndi 1551, ndipo Elizabeth, amene analowa ufumu mu 1558, anaitanitsa ndalama zoipazo n'kudinda zatsopano za siliva wabwino, wa magawo 925 pa 1000. Sheleni yatsopano inkayenera kulemera ma grain 96, omwe ndi magalamu 6.22. Yathu pa sikelo inafika magalamu 5.94, kulemera kwabwino ndithu kwa ndalama yoyenda m'manja. Zilembo zinali zonse mbali zonse ziwiri. Palibe amene anaimeta m'mphepete.

Chimene giredi imayeza

Mpaka 1662 ndalama zambiri za ku England zinkapangidwa pamanja. Mmisiri ankatenga kachimbale ka siliva n'kukaika pa chidindo chapansi chokhomeredwa pachitsa, n'kusanjikapo chidindo chapamwamba chimene ankagwira m'dzanja, kenako nyundo. Nyundo ikagwera chopendekeka, mbali imodzi inkatuluka bwino, ina osatuluka. Kachimbale kakakhala kopyapyala penapake, siliva sankakwana kudzaza nkhope kutsogolo ndi chishango kumbuyo nthawi imodzi. Kakasuntha pakati pa kumenya koyamba ndi kwachiwiri, zilembo zinkatuluka ziwiriziwiri. Ndalama inkatha kuchoka m'nyumba yodindira ili kale ndi malo osalala, isanakhudzidwe ndi wogula buledi aliyense.

Munthu wozolowera ndalama zamakina amasokonezekera pamenepa. Pa ndalama yamakina, malo osalala pafupifupi nthawi zonse ndi kuperepeseka. Pa yanyundo muyenera kufunsa kaye. Ine ndinaphunzitsidwa kufunsa mwa ndondomeko iyi: wodinda anachitapo chiyani, manja ndi matumba a anthu anachitapo chiyani, ndipo pambuyo pake munthu wina wa zida anadzachitapo chiyani. Giredi ndi yankho la funso lachiwiri lokha. Kuno timayenda ndi makwerero a Fair, Fine, Very Fine ndi Extremely Fine, n'kumawonjezera timawu ta about, nearly kapena good pamene ndalama ili pakati. Mayankho a mafunso ena awiriwo amalembedwa m'mawu, pambali pa giredi.

Kabuku ka mitengo ka Spink, kamene aliyense pa ntchitoyi amakhala nako padesiki, kamapereka mitengo ya ndalama zasiliva zanyundo pa magiredi awiri, Fine ndi Very Fine. Pa sheleni ya Elizabeth mtengo wachiwiriwo umawirikiza woyambawo kangapo. Chifukwa chake ndi nkhope. Zidindo za mfumukaziyi zinagobedwa mosazama, moti nkhope yake imafufutika msanga, ndipo masheleni ambiri amene timaona ali ndi zilembo zowerengeka bwino koma pakati pali chithunzithunzi chabe cha mutu. Osonkhanitsa amalipira nkhope. Munthu wofuna kubera amadziwanso zimenezi.

Tsiku loyamba

Ndalamayi anayamba kuiona ndi mnzanga wachitsikana amene anali atangotha chaka tikumuphunzitsa. Iye analemba good Fine. Chisoti chachifumu chinali chosalala kumtunda kwake, ndipo zilembo zomaliza za liwu la m'mphepete lakuti REGINA zinali zofooka. Anaona ngati ndi kutha.

Ndinamuitana kuti tionere limodzi, ndipo ndivomere kuti ndinasangalala kupeza pomuphunzitsira. Ndinamuonetsa zinthu zimene ndingaonetse aliyense. Mbali ziwiri za ndalama yanyundo sizilunjikana mofanana nthawi zonse, choncho mumagwira malo ofookawo pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, mutavala magolovesi, n'kutembenuza kuti muone chimene chili kumbuyo kwake kwenikweni. Kumbuyo kwa chisoti kunalinso kofooka: ngodya ya chishango ndi zilembo zingapo za liwu lakuti ADIVTOREM. Kufooka kogwirizana mbali zonse ziwiri ndi ntchito ya nyundo. Kenako mumayang'ana khungu la malo osalalawo ndi galasi lokulitsa kakhumi. Pamene paperepeseka m'manja pamakhala posalala mowala, pali timizere tating'ono tolowera uku ndi uku. Pamene chidindo sichinafike pamakhala pokhakhala pang'ono, khungu lenileni la kachimbale lisanadindidwe. Apa panali pokhakhala. Pomaliza mumaona malo ena okwera amene anatuluka bwino, monga nkhope za mikango ndi maluwa a lis pachishango, chifukwa manja sasankha. Akadya chisoti amadyanso mikango. Mikango inali itatha pang'ono pamwamba pokha, manyenje ake akuonekabe.

Anavomereza. Kenako anafunsa funso limene ndimalikumbukirabe.

"Nanga bwanji tsaya ndi khutu zatuluka bwino chonchi, chisoti chili pafupi pomwepo osatuluka?"

Ndinamuyankha kuti nyundo inagwera pamenepo, ndipo zoterezi zimachitika. Zimachitikadi. Koma sindinayang'ane. Ndinali nditatha theka la ola ndikufunsa mafunso malo ofooka, ndipo malo amphamvuwo ndinawalola kudutsa osawafunsa kanthu, chifukwa ankagwirizana ndi katikiti ka malemu ndiponso ndi zimene ndinkafuna kuti zikhale zoona. Ndinalemba Good Very Fine, nkhope yotuluka bwino kuposa mmene zimakhalira, kufooka pang'ono pachisoti. Ndinasainira, ndalama n'kupita kojambulitsa.

Chithunzi

Patapita masiku atatu wojambula anandiitana. Iye ndalama zanyundo amaziunikira ndi nyali yotsika, kuwala kukubwera chammbali ngati dzuwa la kum'mawa pamizere ya m'munda, kuti zilembo zikhale ndi mithunzi. Anati pali kanthu kamene kakumuvuta kuchotsa, ankaganiza kuti ndi fumbi pagalasi la kamera. Pa kompyuta yake, chithunzi chitakulitsidwa, panali kamzere kozungulira, kotalika pafupifupi mamilimita 3 kuchoka mbali ina kufika ina, pansi pa khutu la mfumukazi pamene tsaya likumana ndi kolala yamakwinya. Tinatsegula chithunzi cha kumbuyo. Kamzere komweko kanalipo, pamene mikono ya mtanda ikumana pakati pa chishango.

Mtima unangoti myuu. Mzere wozungulira woonekera mbali zonse ziwiri pamalo amodzi tanthauzo lake ndi limodzi: panali bowo, ndipo wina analitseka.

Ndinapita nayo pa maikulosikopu, chinthu chimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Mzere wotuluka m'chidindo umakhala wozungulira pamwamba, siliva akuoneka kuti anayenderera kukwera kuchokera pansi. Mizere ya tsitsi ndi ya kolala pamalowa inali yogobedwa, ngalande zake zosongoka pansi, m'mbali mwake muli timilomo ta chitsulo chokankhidwa ndi kampeni kozokotera. Ntchitoyo sinathere pachigamba pokha. Mmisiriyo anapitiriza mizere yake kunja kwa bowo, mpaka kukhutu ndi kudiso, kuti malo atsopano asaoneke achilendo pakati pa akale. Nkhope imene malemu ankaonetsa alendo, gawo lake lalikulu linali la munthu ameneyo. Ndipo anali waluso, ndisaname. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'mphepete mwa chigamba munali zinthu zakuda zimene zinkafanana ndi kuda kwachibadwa kwa siliva wokalamba. Apa panali chosankha choyamba. Lamulo langa ndi lakuti sinditsuka ndalama ya mwini, ndipo mankhwala owalitsa siliva sindiwalola n'komwe patebulo langa, chifukwa amachotsa khungu limene latenga zaka mazana kuti lipangike. Acetone ndi wosiyana: amasungunula phula, mafuta ndi guluu, siliva ndi kuda kwake osazikhudza. Ndinaimbira mayi aja kupempha chilolezo, ndikuwauza kuti pali chimene ndikukayikira. Analola. Patangotha mphindi zochepa m'kabotolo zakudazo zinasungunuka. Linali phula lopaka utoto. Pansi pake panaoneka msoko, wokhala ndi timaenje tating'onoting'ono timene timatsala chitsulo chowotcherera chikamazizira.

Umboni womaliza ndinakautenga kwa wogula golide wina wa m'tauni mwathu amene ali ndi makina a XRF, oyeza zitsulo za pamwamba popanda kukanda. M'mphepete mwa ndalama anapeza siliva ndi kopa pa mlingo woyembekezeka. Pakati anapezanso zinc, amene amakhala m'chitsulo chowotcherera siliva. Kunena zoona maikulosikopu inali itamaliza kale mlandu, koma ndinkadziwa kuti ndikakumana ndi abwana ndi mayi wamasiye, ndipo pepala la makina limakhulupirika kuposa diso la munthu amene analakwitsa masiku atatu apitawo.

Anzanga a ntchitoyi azindikire kuti sikelo sinandithandize konse. Timaidalira pogwira ndalama zabodza ndi zometedwa, ndipo pamenepo imagwiradi ntchito. Chigamba chimabwezera kulemera kumene bowo linachotsa, sikelo n'kukhala chete.

Bowolo linachokera kuti

Ife obadwira ku Malawi bowo pakati pa ndalama silitidabwitsa. Makobiri a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, a njovu ziwiri aja, anali obooka pakati, ndipo agogo anga ankawatunga pachingwe. Koma amenewo anabadwa nalo bowo. Sheleni ya Elizabeth inabadwa yopanda bowo.

Ndalama zanyundo zobooka timaziona kawirikawiri, ndipo zambiri bowo limakhala kumphepete, pamwamba pa mutu, poti munthu ankaivala m'khosi ndipo ankafuna nkhope iime chilili. Bowo lapakati, lopyoza nkhope, wovala sangalifune. Limeneli lili ndi mbiri ina.

Popeza ndalama zanyundo sizinali zozungulira bwinobwino, anthu ankazimeta m'mphepete ndi sizasi, n'kusungunula zometazo, ndalama n'kuipititsa kwa wina pa mtengo wake wakale. Chilango chinali imfa, koma sanaleke. Pofika m'zaka za m'ma 1690 ndalama zambiri zakale zinali zitatsala pafupifupi theka la kulemera kwake. Mu 1696, pansi pa William III, boma linayamba kuitanitsa ndalama zonse zanyundo kuti zisungunulidwe n'kudindidwanso ndi makina. Ndi chaka chomwecho Isaac Newton analowa ntchito ya Warden (woyang'anira) ku Royal Mint, nyumba yodindira ndalama za boma, ndipo boma linatsegula nyumba zodindira zothandizira ku Bristol, Chester, Exeter, Norwich ndi York. Koma ntchitoyo sikanatha tsiku limodzi, ndipo anthu ankafunikabe ndalama zogulira. Choncho lamulo linati amene ali ndi ndalama zanyundo zosametedwa, zoonekabe zilembo zake, azibooletse chapakati ndi chobayira cholimba chongokankha siliva popanda kuchotsako. Yobooledwa inkaloledwa kuyendabe, ndipo ikadzapezeka yometedwa pambuyo pake munthu ankatha kuikana.

Sheleni yathu inkagwirizana ndi lamulo limeneli pa mfundo zonse zimene ndikanatha kuyeza. Inali yosametedwa, zilembo zonse zilipo. Bowo linali pakati. Kuzungulira chigamba, kumbuyo, siliva anali atatukuka pang'ono ngati wakankhidwa kuchokera kutsogolo, ngakhale mmisiri uja anayesa kupasalaza. Chobowolera chozungulira chimachotsa chitsulo, sichikankha chotero. Ndalama ya 1560 kapena 1561 kufika 1696 ikadali pa Very Fine ndiponso yosametedwa ndiye kuti zaka zambiri mwa 135 zimenezo inagona m'bokosi la munthu wosunga chuma, ndipo anthu otere ndi amene anali ndi ndalama zoyenera kubooletsa.

Komabe umboni weniweni unali m'milomo ya bowolo, ndipo milomoyo inakwiriridwa ndi chitsulo chowotcherera. Anthu ankabowolanso ndalama pakati kuti apange mabatani kapena zoseweretsa ana. Choncho m'kabuku ndinasankha kulemba kuti malo a bowo akugwirizana ndi kubowola kwa 1696, osapitirira pamenepo. Chimene chinandiwawa n'chakuti masiku ano alipo osonkhanitsa amene amasaka dala ndalama zobooledwa mu 1696. Wotseka bowo uja ankaganiza kuti akuchotsa chilema, koma anafufuta chinthu chokhacho chimene chinkasiyanitsa sheleni iyi ndi zinzake.

Kukangana kwa mu ofesi

Abwana ataona zithunzi sanachedwe. "Ingolembani Fine, mtengo woyambira utsike, nkhani ithe. Wogula adzapeza zoyenera ndalama zake."

Njira imeneyi ilipo ndipo ena amaitsatira: kutsitsa giredi kuti imeze chilema, chilemacho osachitchula. Ndinakana, ndipo zifukwa ndinawauza. Fine ingakhale bodza lachiwiri, chifukwa ndalamayi sinathe kufika pa Fine. Mikango ikuchitira umboni. Ndiponso wogula akaona chithunzi cha nkhope yokongola chonchi pansi pake palembedwa Fine adzaganiza kuti talakwitsa ife, kuti watola chikwama, ndipo adzapikisana mpaka mtengo wa Very Fine. Tikatero tamubera ndi kukhala chete kwathu. Kwathu alimi a fodya amadziwa chimene chimachitika belo likapezeka ndi masamba oipa obisidwa pakati: belo limabwezedwa, ndipo mabelo onse a nambala imeneyo amayamba kukayikiridwa. Kampani yaing'ono ngati yathu ilibe china chogulitsa kupatula kukhulupirika kwa kabuku kake.

Anandifunsa ngati sikungakhale bwino kuitumiza ku NGC kapena PCGS, makampani a ku America amene amaika ndalama m'kabokosi kapulasitiki kosatseguka ndi kuipatsa nambala pa makwerero a 1 mpaka 70, amene William Sheldon anayambitsa mu 1949. Ndalama yotsekedwa bowo ndi yozokotedwa iwo saipatsa nambala. Amalemba Details ndi kutchula vutolo. Tikanalipira ndi kudikira milungu kuti atiuze zimene tinkadziwa kale. Ndiwonjezere maganizo anga: ngakhale pa ndalama yanyundo yopanda chilema, nambala imodzi imandichepera. Masheleni awiri akhoza kutha mofanana ndendende, ina yozungulira bwino nkhope ili mbee, ina yopendekeka zilembo theka zitagwera kunja, ndipo mitengo yake singayandikane. Osonkhanitsa ambiri a kuno amafunanso kuigwira ndalama, kuiyeza pa sikelo, kuona m'mphepete mwake.

Maganizo amene anandiyesa kwambiri anachokera kwa mnzathu wa gawo la ndolo ndi mphete. Iye anati, popeza bowo la 1696 lili ndi msika wake, bwanji osachotsa chigambacho kuti ndalama ibwerere mwakale? Ali ndi zida, akanatha kuchita mosamala. Ndinagona nawo maganizowo usiku umodzi. M'mawa ndinakana. Bowo lotuluka pamenepo likanakhala lathu, la chaka chino, milomo yake yopalidwa ndi zida zathu. Mizere yozokota kukhutu ndi kudiso ikanatsalabe. Ndipo kuchotsa chitsulo chowotcherera kumafuna moto kapena kupala. Moto ukanawononga khungu la ndalama yonse. Tikanangowonjezera dzanja lachitatu pa ndalama imene manja awiri anali ataisintha kale, kenako n'kumavutika kufotokoza zimene tachita.

Mawu amene analowa m'kabuku anali awa: Very Fine, centrally plugged and tooled (kutanthauza yotsekedwa bowo pakati ndi yozokotedwa), kutsatiridwa ndi chiganizo chonena kuti nkhope yazokotedwanso kuzungulira chigamba, kuti chisoti n'chofooka kuchokera kodindira, ndi kuti malo a bowo akugwirizana ndi kubowola kwa 1696. Good uja ndinamuchotsa, popeza anachokera pa nkhope imene sinali ya chidindo. Giredi ndinaitenga pa malo okhawo amene mmisiri sanakhudze: chishango, mikango, zilembo ndi phewa. Tinaikanso chithunzi chokulitsa cha msoko, cha nyali yammbali chija.

Kuwauza mayi

Sindinafune kuti amve pa foni. Anabwera, ndinawakhazika pa maikulosikopu, n'kuwasonyeza kamzere kaja.

"Ndiye kuti ndi yabodza?"

"Ayi mayi, ndi yeniyeni. Inadindidwa ku London mfumukazi ali moyo. Koma pakati apa panali bowo, ndipo wina analitseka n'kujambulanso nkhope. Mtengo wake utsika kwambiri."

Anakhala chete kanthawi. Chimene anafunsa pambuyo pake sichinali cha mtengo. Anafuna kudziwa ngati bambo anapusitsidwa. Ndinawauza kuti ine, amene ndimadya za ntchito imeneyi, ndinapusitsidwa masiku atatu ndili ndi maikulosikopu pambali panga, ndipo pa chionetsero munthu amaona ndalama ataimirira, pansi pa magetsi a padenga. Ndinawapatsa ufulu woibweza kunyumba ngati chikumbutso. Anati igulitsidwe, koma zonse zilembedwe, chifukwa bambo sakanafuna kuti wina adzaone zimene anaona iwo.

Sabata imeneyo ndinabwereza ndalama zonse za m'kabati, mnzanga uja ali pambali, matikiti titawaika kaye m'envulopu. Penny imodzi ya Edward I inapezeka kuti inapindikapo n'kuwongoledwa. Mzere wa popindika unkaoneka kumbuyo ngati kamtsempha. Tinalemba. Groat ya Henry VI ya ku Calais, imene malemu anaipatsa Fine chifukwa cha zilembo ziwiriziwiri, inali yosatha n'komwe kwenikweni, ndipo tinaikweza kufika Good Very Fine. Zotsalazo matikiti ake anali olondola. Malemuwo anali ndi diso labwino.

Zotsatira

Pa tsiku la malonda sheleni inapikisanidwa ndi anthu awiri okha, onse pa intaneti. Inagulidwa pa mtengo wosafika gawo limodzi mwa magawo atatu a umene ndikanayembekezera ikanakhala Very Fine yopanda chilema. Groat ya ku Calais inabweza gawo lina la kusiyanako, osati lonse. Denga linakonzedwa, koma mayiwo anawonjezerapo zam'thumba.

Wogula anali munthu wosonkhanitsa ndalama zokhudza 1696. Patapita milungu iwiri analemba kuti waiyika pambali pa zinzake zobooka, ndipo kukula kwa chigamba ndi kutukuka kwa kumbuyo zikufanana ndi zake zina. Sanadandaule kanthu.

Patebulo langa zinthu zingapo zasintha. Katikiti ka mwini sindikawerenga ndisanalembe giredi yanga. Ndalama iliyonse yanyundo imayamba yadutsa pansi pa nyali yammbali, ndikuizunguza mbali zinayi, galasi lokulitsa lisanafike. Msoko umene suoneka kuwala kukuchokera kumanzere umatulukira kukachokera kumtunda. Malo otuluka bwino kuposa oyandikana nawo ndimawapititsa pa maikulosikopu, makamaka pa ndalama zimene mtengo wake uli pankhope, monga za Elizabeth. Ndipo wophunzira akafunsa funso limene ndili ndi yankho lake lokonzeka kale, ndimayamba ndayang'ana ndisanayankhe. Mnzanga uja ndinamupepesa pamaso pa abwana. Pano ndi iye amene amaona kachiwiri ndalama zonse zimene ndasainira.

Mwambo wa kuno ndi wakuti katikiti kakale kamatsagana ndi ndalama kwa mwini watsopano, chifukwa ndi mbali ya mbiri yake. Tsiku lotumiza sheleni ndinakatulutsa m'envulopu kuti ndikaike m'kathumba, ndipo kanagwa patebulo chadodolido. Kumbuyo kwake kunali zolemba za pensulo, zazing'ono, dzanja lomwe lija la malemu koma lonjenjemera ngati la munthu wokalamba. Analemba liwu limodzi, plugged, ndi chizindikiro cha funso. Kutsogolo Good VF anamusiya mmene analili. Pa anthu anayi amene tinagwira katikitiko mu ofesi, palibe amene anakatembenuza. Ndinakajambula mbali zonse ziwiri, chithunzi chimodzi n'kutumiza kwa mayi aja, katikitiko n'kupita ndi ndalama.